Kamnyamata kanga kali ndi chaka ndi miyezi 8, kusewera ndiye dolo koma kuyankhula ayi, ndidikire kapena?

Tate_wa_ku25 walemba:

Moni nonse a muno. Ndimangowerenga za anzanga masiku onsewa koma lero ndati nane ndifunse, poti nkhaniyi yayamba kutikanganitsa pakhomo. Tili ndi mwana mmodzi, wamwamuna, pano wakwanitsa chaka ndi miyezi 8. Kuyenda anayamba atangopitirira chaka, pano ndiye akuthamanga, kukwera pampando, kutsegula kabati, kupirikitsa nkhuku za a landilodi, zonsezo alibe nazo vuto. Pakamwa pokha ndi pomwe pakundidetsa nkhawa. Mawu omveka amene amatchula ndi mama, dada, toto ndi nyonyo basi. Kwinako amangobwebweta chinenero chakechake, amatha kukuyang'ana m'maso nkuyankhula nthawi yaitali mpaka kugwedeza mutu ndi kuloza uku ndi uku ngati mfumu ikuweruza mlandu wa munda, koma ukati umvetsere mawu enieni mulibe olo amodzi.

Nde a neba athu ali ndi kamtsikana kobadwa mwezi womwewo, iko kakuti kale "ndifuna tiyi", "amama apita", moti madamu akamva zimenezo amangolowa m'nyumba nkhope itagwa.

Ine ntchito yanga ndi yausiku, masana ndimakhala pakhomo, ndiye ndimakhala ndi mpata womuonetsetsa akamasewera. Ali ndi kapoto kakale kodooka kamene amayi ake anataya, amatola timiyala ndi zitsekero za mabotolo nkuika m'menemo, kukhuthula, kuikanso, kukhuthulanso, mpaka ineyo woonerane ndatopa iye ayi. Kenako atenge kamtengo avundule, abwere nako kwa ine andipatse kuti ndidye, ndipo ndikapanda kutafuna mwabodza amakwiya zenizeni mpaka kundikankhira kapotoko kukamwa. Patapata wanga amamuika kukhutu nkumazungulira naye pakhonde akuimba foni. Ndege ikamadutsa kupita ku eyapoti amaloza m'mwamba kenako nkundicheukira kuti nane ndione. Ukamuuza kuti katenge nsapato za adada amapita kukatenga.

Pakhomo ndiye aliyense ali ndi maganizo ake. Apongozi akuti ana aamuna amachedwa basi, akuti mlamu wanga anayamba kuyankhula ali ndi zaka zitatu ndipo lero ndi mphunzitsi. Mayi anga akuti tikumusokoneza ndife, poti madamu ndi amayi awo amamuyankhula Chitumbuka, ine Chichewa, makatuni a pa foni Chingerezi. Madamu akuti tigule zidole zoyankhula zija za m'mashopu a m'tauni, zoimba ABC zija. Foni timamupatsa ndithu, makamaka amayi ake akamaphika kapena kuchapa ine ndikugona.

Funso langa ndi loti kodi izi ndi zabwinobwino? Ndidikire afike zaka ziwiri kapena ndipite naye kuchipatala? Nanga ndikafikako ndikanene kuti akudwala chani poti mwanayo ndi wamphamvu, akudya, akusewera?

MayiWaAtatu_Zomba wayankha:

Achimwene choyamba ndikuyamikeni kuti mumakhala pansi nkumamuonera mwana, azibambo ambiri ukawafunsa kuti mwana wanu amakonda kusewera ndi chani amangoti funsani amake kkkk.

Ine anga atatu aliyense anabwera ndi nthawi yake. Woyamba anali wamkazi, pakamwa mbee kuyambira kale, koma kuyenda anachedwa mpaka anthu anayamba kunong'ona. Wachiwiri wamwamuna sanakwawe nkomwe, ankangodzikhwekhwereza ndi matako pansi mpaka makabudula onse kutha kumbuyo, tsiku lina tinangoona waima dede atagwira mtondo, basi kuyenda. Wachitatuyu ndi amene anali ngati wanuyo, mawu ochepa, ndipo ine ndinaona kuti azikulu ake ndi amene ankamuyankhulira chilichonse. Akangoloza chigubu wina wathamanga kale ndi kapu, akangoti eeh wina wamupatsa kale mbatata, nde ayankhulirenji munthu poti zonse zikubwera zokha? Zinasintha titapita kumudzi nthawi ya holide atakumana ndi ana ambiri a pamudzi amene sankamunyengerera. Kumasanje kuja ana aang'ono sapatsidwa udindo wa bambo kapena mayi, amauzidwa kuti iwe ndiwe galu, iwe ndiwe tambala uzilira kukacha, nde wanga anamupatsa utambala, tsiku lonse kokoliliko, akalira msanga azikulu amukalipire kuti sikunache, akachedwa amukalipirenso. Pobwerera ku Zomba anali atatola mawu ambirimbiri kuphatikizapo ena oti sindingalembe pano.

Nde kwa wanuyo poti ndi yekha m'nyumba, muloleni azisewera ndi kamtsikana ka a nebako, musamubise chifukwa cha manyazi. Kuyerekeza ana kumangopweteka mutu wa makolo, eni akewo sadziwa nkomwe kuti pali mpikisano. Ndipo muwauze mlamu wangayo kuti asadziimbe mlandu, ife azimayi timangoganiza kuti mwina pali chomwe ndinalakwitsa ndili woyembekezera.

Zidole zoyankhulazo ine ndingati sungani ndalama yanu. Mabatire amatha sabata yomweyo, ndipo mwana amangodina batani chidole chiyankhule iye ali duu. Kapoto kodookako kakugwira ntchito yoposa.

Mjomba_wa_Mbayani wayankha:

Akulu musadzipatse BP ndi zaziii. Mwana wamwamuna sachedwa kuyankhula, amangosankha zoti anene kkkkk. Ife tinakula opanda zoti miyezi yakuti azipanga chakuti, tinkangokankha magalimoto amawaya ndi kumenya mpira wamajumbo mpaka dzuwa kulowa, lero si ife tikusokosa pano? Koma tamuyang'anani kunsi kwa lilime, ena limakhala lomangika ndi kamtsempha, kwathu agogo ena ankangodula basi mwana nkuyamba kulongolola. Za kuchipatala mukangotaya tsiku pamzere akakuuzeni kuti bwererani mwana ali bhobho.

Namwino_wa_kusikelo wayankha:

Amjomba, za magalimoto amawaya ndikugwirizana nanu, koma zodula lilime pakhomo ayi chonde, mwana atha kutaya magazi ambiri kapena kulowa matenda ndi lezala. Mwana amene anayamwa bwinobwino ndipo akutha kunena dada ndi toto lilime lake likufika pomwe liyenera kufika. Kuchepa kwa mawu sikuchokera pa kamtsempha kameneko.

Bambo a mwana, ine ndimagwira ntchito ku sikelo ya ana osapitirira zaka zisanu, ndiye ndikuuzani mmene timaonera, ngakhale kuti pa intaneti pano sindingamuyeze mwana wanu. Zimene mwalembazi zambiri ndi zolimbikitsa kwambiri, mwina simukudziwa kuti mwayankha kale mafunso amene tikanakufunsani. Mwana woloza ndege kenako nkucheukira bambo ake sakupempha kanthu, akufuna muone limodzi, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chachikulu choti ubongo wake ukufuna kulumikizana ndi anthu. Kuphika miyala nkukupatsani kuti mudye, kusandutsa patapata kukhala foni, kumeneko ndi kusewera kongoyerekeza, kutanthauza kuti wazindikira zoti chinthu china chitha kuimira chinzake, ndipo mawu nawo amagwira ntchito choncho. Amene amatidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana woti saloza, sakuyang'ana m'maso, ukamuitana dzina sacheuka, samatsanzira zomwe akulu akupanga, kapena anali ndi mawu ndi maluso ena nkuwataya. Woteroyo sitidikira naye olo mwezi.

Zoti ana amasiyana ndi zoona ndithu, si zongotonthozana. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anatsatira ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, zotsatira zinatuluka mu 2006, anapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi pafupifupi 4 mpaka 9, kuyenda okha pakati pa miyezi 8 mpaka pafupifupi 18, ndipo ana 4 pa 100 aliwonse sanakwawe ndi manja ndi maondo nkomwe, monga wa mayi a ku Zombawo. Kuno kwathunso tili ndi chida chathuchathu choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa MDAT, chinapangidwa konkuno ndi a Melissa Gladstone ndi anzawo nkusindikizidwa mu 2010, chifukwa zoyezera za kunja zinkafunsa zinthu zoti mwana wa kumudzi sanazionepo. Chimayang'ana zinthu zinayi, mayendedwe a thupi lonse, kagwiritsidwe ntchito ka zala, chiyankhulo, ndi kakhalidwe ndi anthu. Nde mwana atha kukhala patsogolo kwina nkutsalira kwina, wanuyo mbali zitatu zikuoneka kuti zili bwino.

Komabe sindikuuzani kuti mungokhala. Pa chaka ndi theka timayembekezera timawu tingapo kupatula mama ndi dada, ndipo pofika zaka ziwiri azilumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Wanuyo ali m'malire, ndipo ambiri otere amadzathamanga okha, koma ena ayi, ndipo palibe amene angadziwiretu pongomuyang'ana. Mawu oti aamuna amachedwa achedwetsa ana ambiri kulandira thandizo, amabwera nawo ali ndi zaka zinayi pomwe vuto linali laling'ono. Kusiyana kwa anyamata ndi atsikana kulipo koma ndi kochepa, si kwa chaka chathunthu.

Chimene ndikufuna mundiyankhe ndi makutu. Anayamba watulukapo mafinya m'khutu? Amadwala chimfine pafupipafupi, kugona kukamwa kuli yasa? Anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena anabadwa masiku asanakwane, kapena anali wachikasu kwambiri atangobadwa? Ndipo mukamamutuma nsapato zija, mumaloza kapena kuyang'ana komwe zili? Ana ndi ochenjera, amawerenga nkhope ndi manja athu moti kholo limalumbira kuti mwana amamva pomwe akumva theka. Muyeseni chonchi, akatanganidwa ndi kapoto kake muime kumbuyo kwake patali pang'ono, asakuoneni olo chithunzithunzi chanu, mumuitane motsitsa mawu, kapena mufwanyule jumbo pang'onopang'ono mbali imodzi kenako mbali inayo. Osamenya chitseko kapena kuponda mwamphamvu chifukwa kunjenjemera kwa pansi amakumva ndi thupi.

Chinanso tayang'anani m'buku lake la kusikelo ngati mzere ukukwera. Anthu ambiri mwana akangobayitsa katemera wa chikuku wa miyezi 9 amasiya kubwera, pomwe pali wachiwiri pa miyezi 15, vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu kuno ndi opinimbira, ndipo kupinimbira sikugwira msinkhu wokha, kumagwiranso ubongo. Phala la mgaiwa loyera lokha silokwanira, tsirani nsinjiro, usipa wosinja, dzira, masamba, timafuta pang'ono.

Tate_wa_ku25 wayankha:

Anamwino mwandiopsa pang'ono koma zikomo. Mafinya anatulukapo khutu lakumanja nyengo yozizira yapitayi, anatentha thupi usiku kenako m'mawa tinapeza pilo wanyowa, tinagula mankhwala ku famase zinauma ndiye tinangoti zatha. Chimfine ndiye sichimuchoka. Malungo aakulu ayi, anabadwanso bwinobwino masiku ake atakwana. Ndamuyesa masana ano mmene munanenera, jumbo ya kumanzere anacheuka nthawi yomweyo, ya kumanja kawiri konse sanacheuke koma mwina anali bize ndi miyala yake, kaya. Zoloza nsapatozo ndafunsa madamu akuti eya ndimaloza ndi mlomo kkkk. Buku la kusikelo ndaliona, katemera yense anabayitsa, kulemera kwake kuli pamzere wabwino.

Amjomba lilime ndaliona, akulitulutsa mpaka pachibwano akamanyambita shuga.

Mlezi_wa_Mkombaphala wayankha:

Za makutu ndawasiyira anamwino, ine ndiyankhe za kapoto poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndimalera ana pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu kuno ku Dedza, zija za CBCC zoyendetsedwa ndi makolo eni ake, ana athu ambiri ndi a zaka zitatu mpaka zisanu koma azing'ono awo amabwera nawo kumbuyo kwa amayi ophika phala. Zidole za m'sitolo tilibe, zathu ndi zitsononkho, zigoba za malambe, timabotolo toika nyemba nkumata bwino kuti tizilira, mipira ya nsanza, makatoni, dongo la kudambo loumbira ng'ombe. Ndipo ndikuuzeni, ana amene amabwera atasewera kwambiri ndi dothi ndi madzi kwawo savuta kugwira choko.

Kuika ndi kukhuthula kumene kukukutopetsaniko msinkhu umenewu ndiye ntchito yawo. Akuphunzira kuti chinthu chikalowa m'poto sichinasowe, kuti poto amadzaza, kuti mwala waukulu sulowa m'botolo koma waung'ono umalowa, komanso zala zikulimba. Amabwereza chifukwa akufuna atsimikize kuti nanga ulendo uno zichitikanso chimodzimodzi? Nchimodzimodzi kuponya supuni pansi inu mutole iye aponyenso, anthu amati mwano, ena mpaka kumumenya kadzanja, pomwe mwana ali pa kafukufuku wake.

Nde poti inu mumakhala naye kale pamenepo, ingowonjezerani mawu pa zomwe akupangazo. Osamuchotsa pa kapoto kuti bwera ndikuphunzitse, ayi, khalani pansi pomwepo maso anu alingane ndi ake. Akaika mwala nenani "lowa!", akakhuthula "waa, yatayika!", akakupatsani chakudya chake "mmm nsima, yotentha, pepelera", mawu afupiafupi omwewo mobwereza tsiku ndi tsiku. Akanena liwu limodzi inu mubwezereni awiri, akati "mama" inu "mama akuphika". Ndipo chovuta kwambiri kwa ife akulu ndi kudikira, ukanena kanthu khala kaye chete umuyang'ane, werenga chamumtima mpaka faifi, umupatse mpata woyankha olo ndi kubwebweta komweko. Akaloza chinthu musathamangire kupereka komanso musamumane mpaka alire, mufunseni "nthochi kapena mbatata?" mutanyamula zonse ziwiri, akaloza nthochi nenani "nthochi" nkumupatsa. Zomukakamiza kuti nena, nena, tanena kuti agogo, makamaka pamaso pa alendo, zimangomutseka pakamwa.

Nthawi yosamba ndi yabwinonso, mutu, mimba, mwendo, uku mukumupaka sopo. Nyimbo zoombera m'manja, amayi ake akamubereka kumbuyo popita kumsika azimuuza zomwe akuona, uyo galu, iyo njinga, agogo ake amuimbire za kwawo. Buku ngati mulibe kalendala yakale ya zithunzi imakwana, olo nyuzipepala, muzingoloza nkumatchula. Nthano za padangokhala tili tonse zija adzazimvetsa bwino akamafika zaka zitatu koma kukhala nawo pamphasa azikulu akamayankha tili tonse kumamukoka kale.

Mukamuphatikiza ndi kamtsikana ka a neba musadabwe mukaona kuti sakusewera limodzi, aliyense ali ndi zake koma atakhala moyandikana, kenako alandane kapoto alire onse. Msinkhu umenewu ndi choncho, kugawana ndi masanje enieni zimabwera cha m'ma zaka zitatu. Musamutche wodzikonda.

Chenjezo langa ndi pa timiyalato. Tikhale tokulirapo toti sitingalowe m'kamwa kapena m'mphuno, ife tinathamangapo ndi mwana kuchipatala atadziika njere ya chimanga m'mphuno. Ndalama zachitsulo, mabatire ang'onoang'ono ozungulira aja, mtedza wosasinja, zonsezi kutali. Ndowa yamadzi izikhala yovundikira, mbaula asamaisiye pansi iye ali pafupi, ndipo parafini kapena mankhwala a makoswe osaika m'botolo la zakumwa, mwana wokonda kutsegula kabati ngati wanuyo sachedwa.

Achemwali_ku_Leeds wayankha:

Ine ndingoyankhapo za zinenero poti ndi zomwe tikukhala nazo kuno. Mwana wanga kunyumba amamva Chichewa kwa ine, bambo ake ndi a ku Zimbabwe nde amamuyankhula Chishona, ku nazale Chingerezi. Kuno mwana aliyense amakhala ndi kabuku kofiira kokhala ngati ka kusikelo kwathu, ndipo akafika zaka ziwiri mpaka ziwiri ndi theka a zaumoyo amakuitana kuti aone mmene akukulira, amakupatsa fomu yofunsa ngati amasanjikiza timabuloko, ngati amakwera masitepe, mawu amene amanena ndi zina. Ine ndinafunsa ngati tisiye zinenero zathuzi, anandiuza kuti ayi ndithu, aliyense azimuyankhula chinenero chomwe amachidziwa bwino, ndipo powerenga mawu a mwana uziphatikiza a zinenero zonse. Nde achimwene afunseni apongozi anuwo, mwina pa kubwebweta kuja muli Chitumbuka chomwe inu simukuchigwira kkkk. Kwathu komweko ana a ku Mangochi amakula ndi Chiyao ndi Chichewa, a ku Karonga ena zitatu, palibe anakhalapo osayankhula chifukwa cha zimenezo. Kusakaniza mawu m'chiganizo chimodzi amasakaniza ndithu koma amadzazilekanitsa okha.

Anzathu ena kuno anasiya dala Chichewa kuti mwana asavutike kusukulu, lero mwana akaimbirana vidiyo ndi agogo ake amangomwetulirana basi, zimamvetsa chisoni.

Chimene ndingachepetse ndi makatuniwo. Malangizo a WHO a 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhalire kuonera sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi isapitirire ola limodzi patsiku. Foni imayankhula koma simudikira mwana kuti ayankhe. Ndipo inu muli ndi mwayi kumeneko, ali ndi bwalo, nkhuku, dzuwa, ana a maneba. Kuno nyengo yozizira 4 koloko masana kwada kale, mwana ali m'nyumba, kuti akasewere ndi mnzake mpaka mupangane tsiku pa foni.

MayiWaAtatu_Zomba wayankha:

Achemwali a ku Leeds zoona zake koma tisamuweruze mayi wa mwanayu. Munthu uli wekha, mbaula ili pamoto, mafuta akuwira, bambo akugona poti agwira usiku, mwana akukukoka chitenje, umpatsa chani? Kale tinkakhala ndi azakhali, agogo, ana a achemwali pakhomo pomwepo, m'tauni muno uli m'nyumba ya renti ya zipinda ziwiri. Ine ndinkamubereka kumbuyo pophika mpaka msana kuwawa, akakana ndinkamukhazika chapatali ndi beseni la madzi pang'ono ndi makapu apulasitiki ndikumuona, koma masiku ena foni inkapita ndithu. Bola kuchepetsa, osati kuwauza madamuwo kuti foni ndi imene yamulakwitsa mwana, mudzangoyambanitsa banja.

Tate_wa_ku25 wayankha:

Zikomo nonse abale. Achemwali a ku Leeds munalasa, apongozi akuti akamati "maji" amatanthauza madzi ndipo "yayi" amanena tsiku lililonse akamakana kusamba, ine ndinkangoyesa phokoso. Nde mawu akwana sikisi. Tagwirizana ndi madamu kuti nthawi yophika yamadzulo ndizimutenga ineyo ndisananyamuke kupita kuntchito, tizikazungulira kunja, foni ikhale ya pamene zavutitsitsa. Zidole zoyankhula zayamba zaima, ngakhale nkhaniyo sinathe bwinobwino kkkk.

Za khutu ndi zomwe zikundisowetsa mtendere tsopano. Anamwino, ndiyambire kuti? Kusikelo komweko angathe kuyeza kamvedwe ka mwana wamng'ono chonchi woti sanganene kuti ndamva kapena sindinamve? Komanso apongozi akuti timudonthezere timafuta tophikira totenthetsa pang'ono kuti litsiro lifewe.

Namwino_wa_kusikelo wayankha:

Mafuta ayi, madzi a masamba ayi, timitengo ta thonje tija ayinso. Khutu lomwe linatulukapo mafinya mwina nembanemba ya m'kati inabooka, ndipo chilichonse chomwe mwathira chimalowa mpaka m'kati. Likadzayambanso kutuluka muzingopukuta kunja ndi kansalu koyera kofewa nkupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, osati ku famase.

Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono, muwauze zinthu ziwiri momveka, kuti khutu lakumanja linatulukapo mafinya ndipo mawu ndi ochepa pa msinkhu wake, mupemphe amuyang'ane m'khutu ndi kagalasi kounikira kaja. Nthawi zambiri pambuyo pa chimfine ndi matenda a khutu kumatsalira madzi kuseri kwa nembanemba, mwana samva kuwawa, satentha thupi, koma mawu amawamva mogonthera, ndipo zimenezi zimathandizika. Kuyeza kamvedwe kwenikweni kumafuna makina, ndipo alipo oyezera olo khanda la masiku ochepa popanda iye kuyankha kanthu. Poti muli ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku Area 47, a ku Blantyre amapita ku Queens komwe kuli kiliniki ya zamakutu. Mufunse akulembereni kalata yokutumizani.

Popita mutenge buku lake la kusikelo, dzina la mankhwala amene munagula aja ngati mukulikumbukira, ndi pepala lomwe mwalembapo mawu onse amene amanena, a Chichewa ndi a Chitumbuka omwe, kuphatikizapo kulira kwa nyama kapena galimoto ngati amatsanzira, poti nawonso timawawerengera. Mupite m'mawa atadya, asanayambe kulira tulo.